Cifukwa Cace Cingerezi Sicichulidwa Monga Cilembedwa

Ana inu, pamene munaphunzira kuwerenga cinenero cathu, nchito yanu yaikulu inali kudziwa zilembo ndi kuziphatika. Mutadziwa ba, be, bi, bo, bu ndi anzace, munakhoza kuwerenga liu liri lonse, ngakhale liu limene simunalimve ndi kale lonse. Pakuti m'Cinyanja, cimene ticichanso Cicewa, cimene diso liona ndi comwe pakamwa pachula.

Koma mwana akatsegula buku la Cingerezi apeza zina. Aona liu lakuti knife, ndilo mpeni, nayesa kulichula monga mwa mwambo wa kwathu, nati, "ki-ni-fe." Mphunzitsi amuuza kuti k samveka, e wa kumapeto samvekanso, ndipo i achulidwa ai, liu lonse limveka ngati naif. Pomwepo mwana ayamba kuganiza kuti mutu wace ngwouma, kapena kuti Angerezi anasokoneza zilembo dala kuti asautse alendo. Zonse ziwirizi si zoona. Pali zifukwa zace, ndipo amene azidziwa saopanso buku.

Nkhani imeneyi si yaing'ono. Mayeso ambiri a kusukulu alembedwa m'Cingerezi. Mau a pa botolo la mankhwala kawirikawiri ali m'Cingerezi. Ndipo mukadzakula mudzakomana ndi anthu a mitundu ina amene mudzamvana nao m'cinenero ici cokha. Munthu angadziwe mau ambiri, koma akawachula molakwa, womva amva zina.

I. ZILEMBO ZOCEPA, MAMVEKEDWE AMBIRI

Cingerezi ciri ndi zilembo 26, koma mamvekedwe a pakamwa pa Mngerezi ali ngati 44. Ciri ngati mudzi wa anthu olima 44 wokhala nao makasu 26 okha: khasu limodzi liyenera kugwira nchito m'manja mwa anthu awiri kapena atatu. Bvuto likula pa zilembo za liu. Ife tiri nazo zisanu, a, e, i, o, u, ndipo ciri conse cimveka mwa njira imodzi. Angerezi alinso nazo zisanu zomwezo, koma mamvekedwe ace ali ngati 20. Taonani a m'mau awa: cat, cake, call, car, about. Cilembo ncimodzi, koma cimveka mosiyana kasanu.

Taonaninso zilembo zinai izi, ough. M'liu lakuti though zimveka ngati ou. M'through ngati uu. M'cough ngati of. M'rough ngati af. M'thought ngati oo. M'plough ngati au. Ana a Angerezi eni ace abvutika nazo zimenezi, nakhala zaka zambiri ali kuloweza kalembedwe ka mau amene awachula bwino kunyumba kwao.

II. KUMENE KUNACOKERA CISOKONEZO

Makolo a Angerezi anaoloka nyanja ngati m'caka ca 450, kucokera ku maiko amene lero achedwa Germany ndi Denmark. Mitundu yao inali Angles, Saxons ndi Jutes, ndipo dzina lakuti England licokera kwa Angles. M'caka ca 597 Augustine anafika ku Kent kucokera ku Rome, ndipo m'zaka zotsatira ansembe anayamba kulemba cinenero ca anthuwo ndi zilembo za Cilatini. Masiku amenewo analemba monga anamva, monga ticita ife. Pochula knee, ndilo bondo, k anamveka. Pochula write, w anamveka. B wa lamb ndi comb anamvekanso. Kufikira lero Ajeremani, amene cinenero cao ciri pa cibale ndi Cingerezi, acha bondo Knie, ndi k womveka bwino. Tsono zinthu zinai zinasokoneza.

Coyamba ndi nkhondo. M'caka ca 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa Angerezi pa nkhondo ya Hastings, nakhala mfumu yao. Iye ndi nduna zace analankhula Cifalansa, ndipo zaka ngati 300 Cifalansa cinali cinenero ca kwa mfumu ndi ca pabwalo la milandu. M'caka ca 1362 ndimo analamula kuti milandu inenedwe m'Cingerezi. M'zaka zimenezo mau ambirimbiri a Cifalansa analowa. Ng'ombe iri kubusa ichedwa cow, ndilo liu la eni dziko. Koma nyama yace iri m'mbale ichedwa beef, ndilo liu locokera kwa Afalansa. Comweco nkhosa ndiyo sheep, nyama yace mutton. Nkhumba ndiyo pig, nyama yace pork. Alembi anayambanso kulemba mau a Cingerezi mwa mwambo wa Cifalansa: cwen analilemba queen, ndipo hus linasanduka house.

Caciwiri ndi makina osindikizira mabuku. William Caxton anaimika makina oyamba a ku England pa Westminster m'caka ca 1476. Kale mlembi ali yense analemba monga kunamkomera. Koma mabuku atacuruka, kalembedwe kanayamba kuuma, monga liuma dothi la mbiya, losatheka kuumbikanso. Tsoka lace linali lakuti nthawi yomweyo pakamwa pa anthu panali kusintha. Pakati pa 1400 ndi 1700 Angerezi anasintha kachulidwe ka zilembo zao za liu zazitali. Time anali kulichula tiime, lero ati taim. House anali kulichula huus, lero ati haus. Name anali kulichula naame, lero ati neim. Ndico cifukwa cace cilembo cimene ife ticicha a iwo acicha ei, e acicha ii, ndi i acicha ai. Mwana wa kwathu akawerenga name nati "na-me," achula pafupi ndi momwe anachulira anthu a masiku a Geoffrey Chaucer, mlembi womveka amene anamwalira m'caka ca 1400. Koma Mngerezi wa lero sadzamumva.

Zilembo zina zinagona m'zaka zomwezo. Gh wa night ndi light kale anali liu la kummero, longa la munthu wofuna kucotsa kamunga ka nsomba. Ajeremani akali nalo, pakuti usiku aucha Nacht. Ndi anthu a ku Scotland alichulabe m'liu lao lakuti loch, ndilo nyanja. Koma ku England linatha, ndipo m'mau ena, monga laugh ndi enough, linasanduka f. K wa knife analeka kumveka zaka zoposa 300 zapitazo. Pakamwa panapita patsogolo, pepala linatsala m'mbuyo.

Cacitatu ndi anthu ophunzira. Iwo anakonda Cilatini kwambiri, nafuna kuti mau aonetse kumene anacokera. Ngongole inalembedwa dette, ndi kukayika doute. Koma iwo anaikamo b, cifukwa m'Cilatini muli debitum ndi dubitare. Cotero lero tilemba debt ndi doubt, ndi b amene sanachulidwe ndi Mngerezi ali yense. Pena analakwa ndithu. Cisumbu cinali iland. Iwo anayesa kuti liri pa cibale ndi liu lina lakuti isle, naikamo s wopanda nchito. Ndipo island lakhala comweco kufikira lero.

Cacinai ndi kubwereka. Cingerezi catola mau kwa mitundu yambiri, ndipo kawirikawiri liu lobwerekedwa lidza ndi cobvala ca kwao. Taonani ch. M'child ndi chin amveka monga tiyambira liu lathu lakuti chire. M'school ndi echo amveka ngati k, pakuti mau amenewa acokera ku Cigriki. M'machine amveka ngati sh, pakuti liu limenelo linadzera kwa Afalansa.

Potsiriza anadza olemba mabuku omasulira mau, amene Angerezi awacha dictionary. Samuel Johnson anaturutsa lace ku London m'caka ca 1755, la mau oposa 40,000, ndipo anthu analitsata. Ku America Noah Webster anaturutsa lace m'caka ca 1828, nafupikitsa mau ena. Cifukwa cace mudzaona colour m'buku lina ndi color m'linzace, centre ndi center, plough ndi plow. Onse awiri akhoza. Koma m'masukulu a ku Malawi ndi Zambia titsata kalembedwe ka ku England.

Cilembo cosamveka ciri ngati bwinja. Wodutsa aona mitengo ya mango ndi maphale a miphika m'chire, nadziwa kuti pamenepo panali mudzi, ngakhale lero palibe utsi. Ndipo mabwinja amenewa ali nayo nchito yace, pakuti athandiza diso kusiyanitsa mau amene khutu liwamva cimodzimodzi: write ndi right, know ndi no, hour ndi our, knew ndi new.

Nanga cinenero cathu cilekeranji kukhala cotere? Cifukwa cinayamba kulembedwa m'mabuku posacedwa, m'zaka za m'ma 1800. Buku lalikulu lomasulira Cimang'anja, la David Clement Scott wa ku Blantyre, linaturuka m'caka ca 1892. Zaka zimenezi nzocepa, ndipo kalembedwe kathu kakonzedwa kangapo kuti kalondole pakamwa. Koma nafenso tiri nazo zimene pepala libisa. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa malonda alembedwa cimodzimodzi, koma tiwasiyanitsa ndi kukweza kapena kutsitsa liu. Comweconso khungu la pathupi ndi khungu la maso. Mlendo wophunzira cinenero cathu apunthwa pamenepo, monga mupunthwa inu pa knife.

III. MALAMULO A ZILEMBO ZOGONA

Zilembo zosamveka ziyenda m'magulu, ndipo wodziwa gulu safunika kuloweza liu liri lonse palokha.

1. Liu likayamba ndi kn, k samveka: knee, knife, know, knock.

2. Likayamba ndi wr, w samveka: write, wrong, wrap, wrist.

3. Likatha ndi mb, b samveka: lamb, comb, climb, thumb. Koma m'number ndi remember b amveka.

4. Gh wotsatidwa ndi t samveka: night, eight, bought, daughter, koma cenjerani ndi laughter, m'mene amveka ngati f. Kumapeto kwa liu pena agona, monga m'high ndi though. Pena ali f, monga m'laugh, cough ndi enough.

5. L samveka m'walk, talk, half, calf, could, would ndi should. Koma m'milk ndi help amveka.

6. T samveka m'listen, castle ndi whistle.

7. H samveka m'hour, honest, honour ndi heir. Pamenepa pali phunziro lina. Mwaphunzira kuti an aima patsogolo pa cilembo ca liu, ndi a patsogolo pa zinazo. Woweruza wa lamulo limeneli ndiye khutu. Timati an hour, cifukwa h wagona. Koma timati a house, cifukwa h amveka. Timati an umbrella. Koma timati a uniform, cifukwa liulo liyamba kumveka ngati yu.

8. E wa kumapeto samveka, koma agwira nchito mwakacetecete: acititsa cilembo ca liu ca m'kati kuchula dzina lace. Yerekezani hat ndi hate, bit ndi bite, not ndi note, pin ndi pine, hop ndi hope. Mau owerengeka samvera lamuloli, ndiwo amene tiwagwiritsa nchito masiku onse: have, give, come, some, love, done.

IV. MISAMPHA YA LILIME LATHU

Zobvuta zina zicokera kwa ife eni, pakuti lilime lizolowera njira ya kwao monga mbuzi izolowera khola lace.

Msampha woyamba ndi ph ndi th. Ife tilemba h pambuyo pa p ndi t kusonyeza kampweya, monga m'phiri ndi thumba. Kwa Angerezi ph ndiye f: elephant, photograph, telephone. Ndipo th ndi liu limene ife tiribe. Ikani nsonga ya lilime pakati pa mano, nimuturutse mpweya pang'onopang'ono. Limenelo ndilo liu la thin, thank ndi thumb. Mukaonjezapo kunjenjemera kwa kummero, mupeza liu la this, that ndi mother. Wochula three monga tree wanena mtengo m'malo mwa zitatu. Wochula thank monga tank wanena cosungiramo madzi m'malo mwa kuyamika.

Waciwiri ndi l ndi r. Kwa ife ziwirizi ziri ngati munthu mmodzi wa malaya awiri. Mabuku ena alemba wamkulu, ena wamkuru, koma munthu ndi yemweyo, ndipo palibe asokera. Kwa Angerezi ndi anthu awiri osiyana. Rice ndi mpunga, lice ndi nsabwe. Pray ndi kupemphera, play ndi kusewera. Grass ndi udzu, glass ndi galasi. Road ndi mseu, load ndi katundu. Correct ndi kukonza colakwa, collect ndi kusonkhanitsa. Pochula l, nsonga ya lilime ikhudze nkhama kuseri kwa mano a kumwamba, ndipo mpweya udzere m'mbali. Pochula r, lilime lipindike pang'ono kuloza m'mbuyo, osakhudza kanthu, ndi milomo isongoke pang'ono.

Wacitatu ndi kuonjeza cilembo ca liu kumapeto. Mau athu onse atha ndi a, e, i, o kapena u. Cotero makolo athu potola mau a Cingerezi anawabveka zobvala za kwathu. Book linakhala buku, school sukulu, table tebulo, store sitolo, spoon supuni, bottle botolo. Amenewa tsopano ndi mau athu, ndipo palibe colakwa kuwachula comweco polankhula cinenero cathu. Koma polankhula Cingerezi, tsekani liu pamene lithera. Munthu wofuna matumba 8 a cimanga akati "eiti" m'malo mwa eight, womva ayesa kuti wanena eighty, ndiwo 80. Comweconso part ndi gawo, party ndi phwando. Dirt ndi litsiro, dirty ndi cinthu calitsiro. Cenjeraninso ndi ed wosonyeza nthawi yapita. M'walked ndi washed amveka ngati t yekha. M'played ndi opened ngati d yekha. Aoneka ngati phatikizo lapadera pokhapo pamene liu litha ndi t kapena d, monga wanted ndi mended.

Wacinai ndi kutalika kwa liu. Ship ndi combo, sheep ndi nkhosa. Live ndi kukhala, leave ndi kucoka. Full ndi codzala, fool ndi citsiru. M'mau oyamba liu ndi lalifupi, pakamwa pali pofewa. M'aciwiriwo liu likokedwa. Mlendo akafunsidwa za ulendo wace, nati, "I want to live today," wanena kuti afuna kukhala ndi moyo lero, pamene iye anafuna kunena kuti acoka lero.

Wacisanu ndi polemera pa liu. Liu liri lonse la Cingerezi la maphatikizo awiri kapena ambiri liri ndi phatikizo limodzi lochulidwa mwamphamvu koposa anzace. M'thirty, forty ndi fifty mphamvu iri poyamba, ndipo kumapeto nkwakufupi. M'thirteen, fourteen ndi fifteen, mukawachula paokha, mphamvu iri kumapeto, ndipo teen akokedwa kufikira n amveke. Pa nkhani ya ndalama, ya masiku akumwa mankhwala, kapena ya nthawi ya ulendo, 15 ndi 50 zisiyana kutali. Mukakayika, pemphani kuti nambala ilembedwe pa pepala. Kutero sikucititsa manyazi.

V. MOMWE MUNGAPHUNZIRIRE

Liu latsopano liri lonse liphunzireni kawiri, ndi khutu ndiponso ndi diso. Yambani kumva mphunzitsi alichula, mulichule pambuyo pace katatu, ndipo pamenepo muone kalembedwe kace ndi kulilemba. Khalani ndi tsamba m'kope lanu la gulu liri lonse, ndipo mukapeza liu lina la kn kapena la mb, mulilembe pamodzi ndi abale ace. Werengani mokweza tsiku ndi tsiku, ngakhale mizere isanu yokha, pakuti lilime liphunzira ndi kucita, monga dzanja liphunzira kusenga ndi zenga. Pomvera wailesi, cherani khutu pa mathero a mau.

Mnzanu akalakwa musamseke, pakuti woseka atseka pakamwa pa mnzace, ndipo mawa adzalakwa ndi iye. Inunso musabise cimene simucidziwa. Akulu anati, safunsa anadya phula. Ndiponso, kuona maso a nkhono nkudekha. Ndipo pophunzira cinenero ca eni, musapeputse canu. Mwana wowerenga bwino cinenero ca amai wace aphunzira ca alendo msanga, ndipo wodziwa ziwiri akhoza kuthandiza mudzi wonse tsiku lofika kalata kapena mlendo.

MAFUNSO

1. Kodi Cingerezi ciri ndi zilembo zingati, ndi mamvekedwe angati?
2. Cinacitika nciani ku England m'caka ca 1066, ndipo cinasintha bwanji cinenero?
3. Ndani anaimika makina osindikizira mabuku pa Westminster, ndipo m'caka citi?
4. B wa m'debt anacokera kuti?
5. Cifukwa ninji timati an hour, koma a house?
6. Chulani mau awiri a cinenero cathu olembedwa cimodzimodzi koma osiyana tanthauzo.

ZOCITA

1. Lembani mau awa m'kope, nimujambule mzere pansi pa cilembo cosamveka: knock, wrist, climb, half, listen, honest, island, doubt.
2. Khalani awiriawiri. Mmodzi achule liu limodzi la awa, mnzace aloze limene walimva: rice, lice, right, light, ship, sheep, eight, eighty, fifteen, fifty, three, tree.
3. Onjezani e kumapeto kwa mau awa, nimuwerenge mau onse awiri mokweza: mat, kit, rob, tap, cut.
4. Pezani mau asanu a m'mudzi mwanu amene anacokera ku Cingerezi, nimulembe liu la Cingerezi pambali pa liri lonse.